Kalulu akakalamba, ana amathera kuti?

Kuseri kwa nyumba yomwe ndimachita lendi ku Chilomoni kuli makola anayi a akalulu, ndipo m'khola la kumapeto muli nkhalamba yomwe mwana wanga adaitcha Nangozo. Sabata yatha Nangozo adaswa. Nditapisa dzanja m'bokosi m'mawa kuti ndiwerenge, ndidapeza tiana titatu, kamodzi katazizira kale. Ndidafufuza mu ubweya monsemo, ndidasuzumira pansi pa khola poganiza kuti mwina tina tagwa, koma ayi ndithu, titatu basi. Kalulu yemweyu m'chaka cha 2022 ankandipatsa ana 9 kapena 10 pa bere limodzi, mpaka ena ndinkachita kukawasungiza kwa mnzake chifukwa mawere ake ndi 8 okha.

Ena akaona kalulu amaona ndiwo ya pa Khirisimasi. Ine ndimaona fizi. Chichokereni ku yunivesite, komwe ndidasiyira panjira m'chaka chachiwiri thumba litabooka, ndimadya za cholembera, ndipo aliyense yemwe adalembapo nkhani n'kumadikira malipiro akudziwa kuti ndalama imeneyi imabwera ikafuna yokha. Akalulu ndiwo amatseka mipata. Teremu ikayandikira ndimagulitsa a miyezi itatu kapena inayi n'kukalipira sukulu ya mwana. Tsono m'bokosi mukakhala ana atatu m'malo mwa 9, nkhani yake sithera kuseri kwa nyumba, imakafika pa tebulo la a hedimasitala.

Komatu chandilembetsa nkhaniyi si chisoni changa chokha. Loweruka lina, pa msika wina mu mzinda uno, ndidaima pafupi ndi bambo wogulitsa akalulu. Padafika anyamata awiri a pa koleji, ooneka kuti asonkherana kandalama ka m'thumba kuti ayambe ulimi. Bamboyo adatulutsa m'dengu chikalulu chachikazi, chonenepa, cha khosi lolendewera, nati: "Achimwene, musataye ndalama pa tiana iti. Tengani uyu, mayi weniweni. Waswapo kakhumi ndi kawiri, sadatayepo mwana." Anyamata aja adawerenga ndalama akumwetulira. Ine ndidakhala chete poopa kuonongera munthu malonda, ndipo mpaka lero zikundidya mu mtima. Mawu akuti waswapo kakhumi ndi kawiri iwo adawamva ngati chitamando, pomwe kwa woweta akalulu mawu amenewa ndi chenjezo.

Tsiku lomwe ndinkayamba ulimiwu, mlangizi wina wa ziweto adandiuza kuti ndigule kope ndisanagule chakudya. Ndidamvera, ndipo kope lija ndilo mboni yanga lero. Nangozo ndidamugula mu Malichi 2021 ali ndi miyezi 5. Bere loyamba, mu Meyi, adaswa ana 6. Mabere awiri otsatira, 9 ndi 9. Chaka cha 2022 chidali chaka chake: 10, 9, 10, 9. M'chaka cha 2023 adayamba ndi 8, kenaka 8, kenaka 7, ndipo mu Disembala adagwera pa 4. Kuchokera pamenepo sadafikenso pa 6. Adaswa 5, kenaka 4, ulendo wina osatenga n'komwe, 4, ndiyeno atatu a sabata yathawa. Mukalumikiza manambalawa ndi pensulo mupeza chithunzi ngati cha phiri la Michiru lomwe ndimaliona ndikaima pakhomo: kukwera, kuyenda pamwamba, kenaka kutsetsereka.

Phiri limeneli si la Nangozo yekha. Akalulu aakazi ambiri amayenda momwemo. Bere loyamba limakhala laling'ono chifukwa thupi likukulabe, mabere angapo otsatira ndiwo amadzaza bokosi, ndipo kalulu akamapitirira zaka zitatu chiwerengero chimayamba kutsika. Funso lomwe lidandisowetsa tulo ndi lakuti, ana enawo amathera kuti? Kodi mazira atha m'mimba, monga momwe nkhuku yokalamba imalekera kuikira?

Kuti timvane tiyambe ndi momwe kalulu amatengera bere. Pajatu kalulu woweta uyu si kalulu wa m'nthano yemwe ankapusitsa fisi. Wa m'tchire kwathu kuno amabadwa ndi ubweya, maso ali otsekuka. Wa m'kholayu makolo ake ndi a ku Spain ndi Portugal, amabadwa wamaliseche, ndipo maso amatsekula patatha masiku 10. Wamkazi wake alibe nyengo yokhazikika ngati mbuzi kapena ng'ombe. Mazira ake amatuluka pokhapokha mphongo ikamukwera, patapita maola 10 kapena 12. Zimenezi adazifotokoza Mngelezi wina, Walter Heape, m'chaka cha 1905. Bambo yemweyu m'chaka cha 1890 adachita chinthu chomwe chidali chisanachitikepo: adatenga mazira okumana kale ndi mbewu ya mphongo mwa kalulu wa mtundu wa Angora n'kuwaika m'chiberekero cha kalulu wa mtundu wa Belgian Hare. Kaluluyo adaswa ana 6, anayi ake enieni, awiri a Angora.

Njira ya Heape imeneyi ndiyo idadzayankha funso langa. Katswiri wina wa ku Cambridge, C. E. Adams, adaigwiritsa ntchito pofufuza za ukalamba wa akalulu, ndipo zomwe adapeza adazisindikiza m'chaka cha 1970. Mazira a akalulu achitsikana atawaika m'ziberekero za nkhalamba, ambiri adafa. Mazira a nkhalamba atawaika mwa achitsikana, ena adakula mpaka kubadwa. Mwa chilankhulo cha ku munda, nthaka ndiyo imaguga msanga kuposa mbewu. Kalulu wokalamba amathabe kutulutsa mazira, amatengabe bere, koma chiberekero chake chimalephera kugwira ndi kudyetsa onse.

Ndipo chomwe chimatisokoneza ife alimi n'chakuti imfa zimenezi sizioneka. Bere la kalulu limatenga masiku ngati 31. Mwana akafera m'mimba m'masabata awiri ndi theka oyambirira, thupi la make limamusungunula n'kumuyamwa. Palibe magazi, palibe mtembo, palibe chilichonse pansi pa khola. Mutha kupapasa mimba mosamala pa tsiku la 12 kapena la 14 n'kumva timipira tangati mabulo oseweretsa ana, n'kuyamba kuwerengera ndalama, koma tsiku loswa n'kupeza atatu. Enawo adabwerera m'thupi la mayi wawo.

Palinso china. Chiberekero cha kalulu chili ndi nthambi ziwiri, iliyonse ndi khomo lakelake, ndipo mwana wa ku nthambi ya kumanja sangawolokere kumanzere. Nthambi imodzi ikatupa kapena ikachita mafinya, inayo imagwirabe ntchito. N'chifukwa chake kalulu yemwe ankaswa 8 amatha kugwera pa 4 mwadzidzidzi, iye akudya bwinobwino, akudumphadumpha, osaonetsa kudwala.

Mwa zotupa za m'chiberekero, yoopsa ndi khansa. Ambiri sitidziwa kuti akalulu aakazi amadwala kwambiri khansa ya m'chiberekero. Akapitirira zaka 4, m'mitundu ina oposa theka amapezeka nayo. Chizindikiro chake choyamba si kuwonda ayi. Ndi ichi chomwe tikukambachi: ana ochepa, ana obadwa akufa, kukwereredwa osatenga. Pambuyo pake mpomwe mumaona timadontho ta magazi akamamaliza kukodza. Apa musachite mantha msanga, mkodzo wa kalulu umatha kufiira wonse chifukwa cha masamba omwe wadya, ndipo izo si matenda. Khansa imeneyi siichoka ndi chakudya kapena mankhwala a m'madzi. Kumaiko komwe amasunga kalulu pa sofa ngati mphaka amachotseratu chiberekero akadali wamng'ono. Kwa ife omwe timamuweta kuti aswe, njira imeneyo ilibe ntchito.

Koma tisathamangire kunamizira ukalamba mlandu uliwonse, chifukwa ine ndidatsala pang'ono kupha kalulu wosalakwa. Mu Disembala 2023 muja, pomwe Nangozo adagwera pa 4, mwana wake wamkazi wa chaka chimodzi adaswa atatu, ndipo wachitatu sadatenge n'komwe. Kalulu wa chaka chimodzi angakalambe? Mayi wina woyandikana nafe adandiuza motsitsa mawu kuti apa pali dzanja la munthu. Ine ndidakaitana mlangizi uja. Sadayang'ane n'komwe aakaziwo. Adangofunsa kuti: "Bambo, mphongo yanu imagona pati?"

Inkagona m'khola la ku mapeto ena, pansi pa lata lopanda kanthu, moyang'ana dzuwa la madzulo. Okutobala ndi Novembala yense idaphikidwa pamenepo.

Kalulu satuluka thukuta ngati ife, amataya kutentha kudzera m'makutu ndi popuma. Kukatentha kupitirira madigiri 30 kwa masiku angapo, mbewu ya mphongo imafooka kapena kufa kumene, ngakhale iyo ikukwerabe mwa changu monga kale. Ndipo poti mbewu yatsopano imatenga masabata ngati 7 kuti ikhwime, chilango cha dzuwa la Okutobala mumachiona m'bokosi mu Disembala kapena Januwale, mvula ikugwa, kunja kukuzizira, inu mutaiwala kale za kutentha. Ngati zimachitika kuno ku Blantyre, anzathu a ku Nsanje, Chikwawa, Mangochi ndi Salima ndiye kaya. Aakazi nawo kukatentha amachepetsa kudya, ndipo ana ambiri amafera m'mimba. Mankhwala ake ndi otchipa: udzu pamwamba pa lata, khola pa mthunzi podutsa mphepo, thumba lonyowa masana, madzi akumwa osaphwa, ndi kukweretsa m'bandakucha.

Apa mpomwe ndidaphunzira funso loyenera kudzifunsa musananole mpeni. Atsika onse kapena watsika mmodzi? Akatsika onse nthawi imodzi, yang'anani zomwe amagawana: mphongo, nyengo, chakudya. Akatsika mmodzi anzake ali bwino, vuto lili mwa iyeyo.

Pa chakudya ndiye ndili ndi mlandu wanga. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndidaleka kugula chakudya cha m'sitolo n'kudalira madeya. Kenaka kudabwera ng'amba ya El Niño, mpaka mu Malichi 2024 boma lidalengeza za ngozi m'maboma 23 mwa maboma 28, ndipo ngakhale madeyawo ku chigayo tinkachita kulimbirana. Kalulu woyamwitsa amafuna chakudya chokhala ndi zomanga thupi magawo 16 mpaka 18 pa 100 aliwonse. Madeya okha safika pamenepo, ndiponso alibe vitamini A wokwanira, yemwe akasowa ana amafera m'mimba kapena kubadwa ofooka. Zomwe zimakonza vutoli zambiri timaziponda ndi mapazi: chisoso, bonongwe, kholowa, masamba a mabulosi, masangwe a mtedza ouma bwino, ndi kasoya kokazinga kogaya pang'ono. Lukina ndi wabwino koma wochepa, akachuluka amathothola ubweya ndi kusokoneza kubereka. Madeya a chuku, onunkha chinyontho, tayani. Thumba limodzi lotchipa litha kukudyerani mabere a khola lonse.

Kulakwitsa kwina n'kwa chifundo. Nditaona kuti Nangozo akutsika, ndidati ndimupumitse miyezi inayi, ndimudyetse bwino abwezeretse mphamvu. Mwana wanga naye ankamuponyera makoko a nsima tsiku ndi tsiku. Adanenepa mpaka msana osamvekanso mafupa. Nditapita naye kwa mphongo adangokhala phee pa kona, mchira atapanira, ndipo ulendo umenewo ndi uja ndalemba kuti sadatenge. Mafuta akaunjikana m'mimba, kalulu amakana mphongo, ndipo akalola satenga msanga. Kalulu wobereka mukamusisita pa msana muzimva mafupa pang'ono, osati akuthwa ngati macheka, komanso osati kusowa ngati mwagwira pilo. Kumupumitsa nthawi yaitali kumamuononga monga momwe kumamuonongera kumukweretsa akangoswa, pomwe mkaka ndi bere zimalimbirana thupi limodzi. Ine tsopano ndimakweretsa ana akakwana masabata 5 kapena 6, zomwe zimandipatsa mabere anayi pa chaka.

Za chibale ndinene mwachidule, ngakhale m'makomboni mwathu ndi nthenda yaikulu. Munthu mmodzi amabweretsa akalulu awiri, mudzi wonse n'kugula kwa iye, ndipo pakatha zaka zitatu mphongo ikukwera ana ake ndi zidzukulu zake. Yanga ija idali bambo wake wa mwana wa Nangozo. Chibale sichikalambitsa kalulu, koma chimachepetsa ana ndi kuwafooketsa m'badwo ndi m'badwo, mpaka mumayesa kuti ana 5 ndiwo mwambo wa akalulu. Sinthanani mphongo ndi mnzanu wa kutali. Komatu mlendo ameneyu muyambe mwamutembenuza: nkhanambo ku maliseche, pa mphuno kapena pa milomo ndi chizindikiro cha chindoko cha akalulu, chomwe sichigwira anthu koma chimayenda khola ndi khola pokweretsa. Wa chimfine cha mamina oyera nayenso abwerere kwawo, tizilombo take timatha kufika m'chiberekero n'kuchita mafinya.

Pokweretsa, wamkazi ndiye amapita kwa mphongo, osati mphongo kwa wamkazi, apo ayi mukalereretsa ndewu. Imani pomwepo muone ndi maso mphongo ikugwera chambali. Ndipo aakazi akuluakulu asagone khola limodzi: akakwerana okhaokha mazira amatuluka, wina n'kukhala ndi bere labodza masiku 16 kapena 18, kumazula ubweya ndi kumanga chisa chopanda mwana.

Nditakonza zonsezi ndidaweruza mlandu mu Juni 2024, kukuzizira. Ndidabwereka mphongo ya chaka chimodzi kwa mnzanga wa ku Bangwe. Aakazi onse atatu adakwereredwa sabata imodzi, ndi mphongo imodzi, akudya chakudya chimodzi. Mu Julaye mwana wa Nangozo adaswa 9. Wachitatu uja adaswa 8. Nangozo adaswa 4. Dzuwa, madeya ndi chibale zidali ndi mbali yake, ndipo zitachoka achitsikana adabwerera pamwamba pa phiri. Nkhalamba idatsala kumunsi. Kupumitsa kuja ndidachita pambuyo pa chigamulochi, poti mtima unkakanabe zomwe kope linkanena.

Azungu a mafamu akuluakulu ku France, Italy ndi Spain alibe nthawi ya chisoni chotere. Kumeneko wamkazi amapatsidwa mbewu ndi chida patatha masiku 11 chiswereni, kotero amaswa masiku 42 aliwonse, ndipo aakazi atsopano omwe amalowa m'khola pa chaka amaposa chiwerengero cha khola lonse. Kalulu wa kumeneko kawirikawiri sakwanitsa zaka ziwiri. Ife sitifunika kuwatsanzira, chakudya chawo tilibe, ndipo kalulu woswa kanayi pa chaka atha kukutumikirani zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu. Koma masamu awo ndi athu ndi amodzi. Nkhalamba yoswa atatu kanayi pa chaka ikupatsani ana 12. Wachitsikana woswa 8 akupatsani 32. Onse awiri akudya mbale yofanana, akukhala khola lofanana, ndipo chisoso cha onse awiri mukuthyola ndinu. Lamulo lomwe ndadziikira ndi ili: akaswa osafika 5 kawiri motsatizana, anzake a mphongo yomweyo akudzaza bokosi, ntchito yake yatha.

Tsono ntchito ikatha apite kuti? Apa mpomwe ndikufuna tilankhulane, inu anzanga a pa msika. Kalulu wokalamba ndi nyama yabwino, yambiri, yongofuna moto wodekha. Kumugulitsa ngati ndiwo ndi malonda oyera. Kumugulitsa ngati mbewu kwa mwana wa sukulu yemwe sadziwa kanthu, pa mtengo wokwera chifukwa ndi wamkulu thupi, n'chimodzimodzi kupinda mbale poyeza ufa. Mwanayo akamanga khola, adikira mwezi, apeza ana awiri, adikiranso, apeza mmodzi wakufa, kenaka auza anzake onse pa koleji kuti ulimi wa akalulu ndi bodza. Mwapha kasitomala mmodzi ndi ena khumi omwe akadabwera pambuyo pake.

Ndipo inu ophunzira, safunsa adadya phula. Mbuzi mumaitsekula kukamwa n'kudziwa zaka zake, koma mano a kalulu amakula moyo wake wonse, sanena kanthu za msinkhu. Zikhadabo zazitali zokhuthala ndi khosi lolendewera zimangopereka chikaiko, si umboni. Umboni ndi kope. Funsani kuti adabadwa liti, waswa kangati, ndipo mabere awiri omaliza adali a ana angati. Wogulitsa akayamba kuyang'ana kumwamba, ikani ndalama m'thumba. Kuli bwino kugula wa miyezi inayi kapena isanu, wochokera kwa mayi woswa ambiri, n'kupirira mwezi umodzi kapena iwiri asanakwereredwe. Bere lake loyamba likakhala la ana 5 kapena 6 musakhumudwe, akukwera phiri.

Lamulungu lapitali kudabwera bambo wina kudzaona akalulu. Adadutsa makola atatu n'kuima pa Nangozo. "Achimwene, uyu ndiye ndamukonda, tchulani mtengo." Fizi ya teremu ino sindidamalize, ndipo mtengo udafika kale pa lilime. Ndidalowa m'nyumba n'kumutengera kope. Adawerenga tsamba la Nangozo kuchokera pamwamba mpaka pansi, adalitseka, nafunsa za mdzukulu wake wa miyezi inayi. Tidagwirizana pa mtengo wocheperapo.

Mpeni ndidanola kale, ndipo tsikulo ndikufuna ndidzayang'ane nthambi ziwiri zija ndi maso anga, ndidziwe ngati muli zotupa. Koma mwana wanga walengeza kuti akadzapeza khola la Nangozo lili pululu sadzapitanso ku sukulu, sukulu yomwe Nangozo yemweyo wakhala akulipira kuyambira 2021. Mayi ake akuti tidikire tiana tiwiri tatsalato tileke kuyamwa, ndiye tikhale pansi tikambirane. Kwatsala masabata 5.